Katulo wa m'Nsinjiro

Ufumu wa Gwadani simungaupeze pa mapu, ndipo amene anakafikako salimbikitsa anzawo kupitako. Ndi dziko la nthaka yabwino ndi mvula yosanama, anthu ake aulemu mpaka kupepesa chitsa chimene chawapunthwitsa. Chimene chinavuta kumeneko ndi pakamwa pa Mfumu Salekeza. Mfumuyi ikayamba kuyankhula m'mawa, inkafika pa mawu akuti "pomaliza" dzuwa lili paliwombo, kenako n'kukumbukira kuti sinanene za agogo ake, n'kuyambiranso. Lamulo linkati aliyense wa miyendo iwiri azisonkhana pa Bwalo la Tcherani kudzamvera, ndipo wopezeka akusinza ankapita ku ndende ya Kulibemawa, kumene sikunabwerepo munthu wodzatiuza mmene kulili.

Anthu a ku Gwadani si opusa. Ena ankaika timiyala m'nsapato, ena tsabola wa kambuzi kunsi kwa lilime, ndipo mabanja ankagwirizana zotsinana mosinthana. Moyo unkayenda choncho.

M'dzikomo munali mayi wina dzina lake Esinati Nangozo, amene ankagwira ntchito ku Nyumba Yoyezera Zakudya, kanyumba ka mawindo osweka kuseri kwa chipatala, komwe nduna iliyonse inali isanapondeko. Ntchito yake inali yopera zakudya, kuzisungunula m'madzi a mankhwala ndi kuona zimene zili m'kati mwake. Malipoti ake ankadyedwa ndi chiswe osawerengedwa, koma iye sankadandaula, chifukwa ku Gwadani munthu woiwalika ndi boma ndiye wodala. Mwamuna wake, Yotamu Chadzunda, ankaimba lipenga lalikulu m'bandi ya Mfumu, lija lochita kukulunga thupi lonse. Anali munthu wonenepa, wofatsa, wokonda mpiru wotendera ndi tulo, ndipo Esinati ankamukonda kwambiri ngakhale sankanena pagulu.

Tsoka linagwa pa chikondwerero cha Dzino Loyamba la Mfumu. Mfumu inali pakati pofotokoza mmene inalangizira mvula kuti izigwa kuchokera kumwamba, pamene Yotamu, atakhala pamzere wa bandi kuseri kwa mpando wachifumu, anatsomphoka tulo milomo ili palipenga. Mkonono wa munthu wamba umathera pakhosi, koma wa Yotamu unalowa m'lipengamo, n'kuzungulira makona onse, n'kutulukira kukamwa kwake utakula ngati kulira kwa ng'ombe. Bwalo lonse linadzidzimuka, kusonyeza kuti ogona analipo ambiri, koma wogwidwa anali mmodzi.

M'mawa mwake anamuimika pamaso pa Mfumu ndi nduna zake, manja ali kumbuyo. Wozenga mlandu anali a Mkhutakale, Nduna ya Makutu ndi Kumvera, bambo wa khosi la mapindi atatu amene ankavala tayi imodzimodzi ya mtundu wa jambula chiyambire ntchito. Mlandu unali wosavuta, mboni zinali dziko lonse, ndipo galimoto ya ku Kulibemawa inali italiza kale injini panja. Apa ndi pamene Esinati analowa atavala chovala chake choyera cha kuntchito, n'kugwada mpaka chipumi kugunda pansi.

"Mfumu yanga, mwini dziko ndi mitsinje yake," anatero, "amuna angawa sanagone chifukwa cha mwano. Chawagoneka ndi tiriputofani."

Mkulu wa asilikali anafunsa kuti munthu ameneyo amakhala mudzi uti kuti akamugwire lero lomwe.

Esinati anafotokoza kuti si munthu. Zakudya zomanga thupi, anatero, zimapangidwa ndi timagawo ting'onoting'ono timene ophunzira amatitcha ma amino asidi, ndipo kamodzi mwa ito ndi tiriputofani. Sikachita kuthiridwa ndi munthu, kamabadwira m'chakudya momwemo, m'nsinjiro, m'nyemba, m'mazira, m'matemba ndi m'nyama. Thupi likakalandira limapanga nako zina zothandiza munthu kupeza tulo, ndipo a Chadzunda anali atadya mpiru wotendera mbale ziwiri asananyamuke.

Zonsezi zinali zoona, koma zinali theka la zoona. Esinati sananene kuti mbale ziwiri za ndiwo sizingagoneke munthu masana dzuwa likuswa mtengo, ndiponso sananene kuti kanthu komweko ndi kamene thupi limapangira zoteteza khungu, m'mimba ndi ubongo. Munthu amene mwamuna wake akumudikira ndi galimoto ya ku Kulibemawa sasankha mawu ngati ali m'kalasi.

Mfumu inadzuka pang'onopang'ono pampando, maso ali ndi misozi.

"Mwana wanga, ukunena kuti anthu angawa sagona chifukwa cha ine?"

"Ayi ndithu, Mfumu yanga."

"Zaka zonsezi ndakhala ndikuona mitu ikugwa, mtima n'kumandiwawa. Kani ndi mtedza!"

Nduna zinaomba m'manja. A Mkhutakale, amene anali asanamvepo dzina la kanthuko mpaka m'mawa umenewo, anauza Mfumu kuti unduna wawo unkakakayikira kuyambira kale. Pomwepo lamulo linatuluka lakuti chakudya chilichonse cha mu Gwadani chiyezedwe, ndipo chopezeka ndi tiriputofani wopitirira mulingo chisagulitsidwe, chisaphikidwe, chisalotedwe n'komwe. Yotamu anamasulidwa. Esinati anamukumbatira panja akulira ndi chimwemwe, osadziwa kuti walira mvula walira matope.

Mulingowo unafunika kuupeza. Nduna zinapita ku kanyumba ka Esinati, zikuponda mosamala ngati pali minga, ndipo iye anazionetsa mmene amayezera. Akapera chakudya n'kuchisungunula, amathiramo madontho a mankhwala m'kabotolo, madziwo n'kusintha mtundu. Tiriputofani akachuluka madzi amada ngati lilime la mwana wodya jambula, akachepa amangoti mbuu. Anayamba kufotokoza za manambala, koma a Mkhutakale anamudula pakamwa. Manambala, iwo anati, amasokoneza anthu wamba. Anatenga kabotolo kamodzi n'kukagundanitsa ndi tayi yawo, n'kulengeza kuti chilichonse chakuda kuposa tayi imeneyi n'choletsedwa.

Dzina la tiriputofani linakanika kutuluka m'kamwa mwa anthu, choncho analitcha katulo. Esinati anapatsidwa tebulo pakati pa msika wa Pirirani, asilikali awiri m'mbali, ndipo Lachisanu lililonse a Mkhutakale ankabwera ndi tayi yawo kudzaweruza mabotolo. Woyamba kuitanidwa anali mayi Ndaziona, mnansi wa Esinati, amene ankagulitsa nsinjiro ndi nyemba pamsikapo chiyambire utsikana. Kabotolo ka nsinjiro zawo kanada bii.

"Mayi, mukudziwa kuti mwakhala mukugulitsa tulo kwa anthu a Mfumu?" anafunsa a Mkhutakale.

"Ine bwana ndimayesa ndikugulitsa nsinjiro. Ndikanadziwa kuti muli tulo ndikanakweza mtengo, anthu akusowa tulo m'dziko muno."

"Mukuseka ndi lamulo?"

"Ndingayambe bwanji, bwana. Ndikungofunsa kuti amuna anga aja amagona kutchalitchi atadya chinangwa chokha, iwo aja katulo amakatenga kuti?"

"Amabisa mtedza m'thumba," anayankha a Mkhutakale, ndipo mlembi analemba dzina la bamboyo.

Malichero a mayi Ndaziona anakwezedwa pa lole limodzi ndi matemba, mazira, nkhuku ndi mbuzi za msika wonse. Zonsezi zinkapita kunyumba yachifumu, kumene kunakhazikitsidwa Komiti Yowononga Zakudya Zoopsa. Komitiyi inkakumana tsiku lililonse masana, zitseko zotseka, ndipo mamembala ake ankadzipereka kwambiri moti telala wa nduna analemba anthu ena awiri omuthandiza kukulitsa mathalauza. Wailesi ya ufumu inkapempha anthu kuti aziwapempherera akuluakuluwa, amene ankaika moyo wawo pachiswe pomeza katulo kuti asafike kwa osauka.

Panali chinthu china chimene palibe anachiganizira. Tayi ya a Mkhutakale inkachapidwa sabata iliyonse n'kuyanikidwa padzuwa, ndipo nsalu ikamachapidwa imasuluka. Mwezi uliwonse tayi inkayera, mulingo n'kumatsika nayo. Zakudya zimene zinapambana mayeso m'dzinja zinalephera m'masika. Khobwe anagwa, nandolo anagwa, kenako nthanga za maungu, kenako bonongwe ndi chisoso, zomera zokha kuseri kwa nyumba popanda kupempha chilolezo. Esinati atanena kuti tayi yasuluka, anauzidwa kuti tayi ya nduna sisuluka, maso a anthu ndi amene amafooka. Pomafika nyengo yotentha zololedwa zinatsala ufa woyera, chinangwa, mchere ndi kabichi wowiritsa, ndipo kabichiyo anapatsidwa mendulo pa mwambo wapadera.

Nanga Yotamu? Ameneyo anasanduka chuma cha boma. Anamutcha Mboni ya Ufumu, n'kumukweza pa lole yokongoletsedwa kuti azizungulira maboma onse akuuza anthu mmene mtedza unatsala pang'ono kumuphetsa. Asilikali ankamudyetsa zovomerezeka zokhazokha, phala la ufa woyera m'mawa, ufa womwewo masana ndi madzulo, ndipo pamsonkhano uliwonse ankamuimika padzuwa kuti anthu aone munthu wogalamuka. Anachoka nthawi yokolola, n'kudzabwezedwa kwa mkazi wake mitengo ya mango itayamba maluwa, kuti akapume pokonzekera tsiku lalikulu lokumbukira chaka chimodzi cha lamulo la katulo.

Esinati atamuona akutsika pa lole, anathamanga kukamuchingamira. Munthu wonenepa uja anali atatsala mafupa, yunifolomu ikungolendewera. Khungu la kunja kwa manja linali litada n'kumasupuka ngati lapsa ndi moto, ndipo m'khosi monse munali chibanga chakuda chozungulira, chosweka. M'mimba munkangotseguka. Choopsa kwambiri chinali maso, otong'oka, osaphethira, oyang'ana kupyola munthu.

"AChadzunda, mwafika? Tiyeni m'nyumba," anatero Esinati akumugwira mkono.

"Zikomo mayi," anayankha Yotamu mwaulemu. "Kale ine ndinali munthu wogona. Mtedza unandinyenga. Kodi msonkhano wa kuno uyamba nthawi yanji?"

Sanamuzindikire. Esinati analowa kukhitchini, n'kutseka chitseko, n'kulira mpaka mutu kuwawa. Matendawa ankawadziwa bwino, anawaphunzira kusukulu ya zoyeza. Munthu akamadya chimanga chokha popanda zomanga thupi, amasowa kanthu komwe kaja iye anakapachika mlandu, ndipo khungu limapsa, m'mimba mumatseguka, tulo timathawa, mutu umasokonekera, mapeto ake ndi kumanda. Anthu ankawatcha chiwawu, ndipo anali atayamba kuoneka m'makosi mwa ambiri pamsika. Koma wailesi inali italengeza kale kuti chibanga cha m'khosi ndi Mkanda wa Kukhulupirika, umene umatuluka wokha pa munthu womvera Mfumu ndi mtima wonse. Akalaliki a m'maofesi, amene ankapezabe mazira kuseri, anayamba kudzipaka polishi wa nsapato m'khosi kuti asaoneke osakhulupirika.

M'mawa mwake Esinati anapita ku ofesi ya a Mkhutakale. Anawapeza atatsamira pampando akutokosa m'mano, atangotuluka kumene pa ntchito yowononga.

"Bwana, ndabwera kudzakonza mawu anga. Tiriputofani sagoneka munthu masana. Ndinakokomeza. Anthu akudwala chifukwa chomusowa, ndipo amuna anga afa ngati sadya nyemba ndi mtedza."

A Mkhutakale anayang'ana kukhomo, n'kutsitsa mawu. Sanakwiye ayi, anayankhula ngati malume wolangiza mphwake.

"Mayi Nangozo, khalani pansi. Inu mukuganiza kuti ine sindidziwa? Ine ndimadya nkhuku yathunthu n'kukhala maso, bola ndaika kamwala m'nsapato. Koma tiyeni tiyende limodzi bwinobwino. Ngati si chakudya chinagoneka amuna anu tsiku lija, chinawagoneka n'chiyani?"

A Mkhutakale anasendera pafupi ndi Esinati, n'kupitiriza.

"Nenani, ndikumvetsera. Panali chakudya, panali mawu a Mfumu. Chimodzi mwa ziwirizi chimagoneka anthu. Mukufuna ndikauze Mfumu kuti ndi chiti? Mukatsuka mtedza, amuna anu akwera galimoto ija, inu pambali pawo, ine pambuyo panu. Pitani mukawasamalire. Tsiku lalikulu lija akhala kudzanja lamanja la Mfumu, ndipo ndikufuna maso amene aja akhale chimodzimodzi."

Esinati anabwerera akudziwa pamene waima. Akamusiya Yotamu mmene alili, pa tsikulo akhala maso bwino lomwe, Mfumu ikondwa, ndipo mvula isanagwe amuika m'manda. Akamudyetsa achira, koma munthu wochira amene wakhala miyezi osagona tulo tokwanira, ukamukhazika pafupi ndi Mfumu Salekeza kuyambira m'mawa, aliyense akudziwa chimene chingachitike. Anayenda msewu wonse akusinkhasinkha, koma pofika pakhomo n'kumupeza Yotamu ataima pabwalo akulalikira nkhuni za zoipa za mtedza, nkhani inatha yokha. Kulibemawa kunali kutsogolo, manda anali pakhomo.

Lamulo linkalola munthu mmodzi yekha mu Gwadani kugwira zakudya zoletsedwa popanda mlandu, ndiye woyeza. Esinati analengeza kuti mankhwala ake afooka, tsopano pakufunika zoyezera zambiri, ndipo asilikali anayamba kumubweretsera nsinjiro, nyemba, mazira ndi matemba m'mabeseni. Supuni imodzi inkalowa m'kabotolo, zotsala zinkapita kunyumba m'mabotolo akuluakulu olembedwa kuti POIZONI, amene msilikali aliyense ankawapatukira. Poyamba Yotamu ankakana, akuti mayi inu mukufuna kundigwetsa m'mayesero. Esinati ankasakaniza nsinjiro m'phala n'kumuuza kuti ndi ufa wa mtundu watsopano wochokera ku boma, ndipo ankadya momvera.

Thupi la munthu silisunga mangawa. M'mimba munatseka, zilonda za m'manja zinayamba kuuma, ndipo tsiku lina akudya anaima, supuni ili m'mwamba, n'kumuyang'anitsitsa mkazi wake.

"Nangozo," anatero, "mwaonda bwanji? Ndipo muphalamu muli nsinjiro, musandinamize."

Esinati anaseka ndi kulira nthawi imodzi. Anamufotokozera zonse, ndipo Yotamu anamvetsera mpaka kumapeto, n'kupempha phala lina. Tulo tinayamba kubwerera, koma tinabwerera ngati mwini nyumba amene anathamangitsidwa, tosafunsa nthawi. Ankagona akusamba, ankagona akuvala nsapato. Anayesa timiyala, anayesa kambuzi, osathandiza. Chibanga chitayamba kuzimirira, Esinati anagula polishi.

Tsiku lalikulu linafika. Bwalo la Tcherani linadzaza ndi anthu owonda a makosi akuda, enieni ndi opaka, ndipo kwa nthawi yoyamba m'mbiri ya Gwadani ambiri anali maso osachita kutsinidwa, chifukwa chiwawu sichigonetsa. Yotamu anakhazikidwa pa mpando wa khushoni kudzanja lamanja la Mfumu, ndipo khushoniyo ndi imene inamaliza nkhani. Esinati, ali pamzere wachiwiri, ankaona mutu wa mwamuna wake ukulimbana. Unagwa n'kudzuka, unagwanso n'kudzuka. Mfumu itafika ponena kuti "Onani mwana wanga uyu, amene sadzagonanso mpaka kalekale," n'kutembenuka kuti imuloze, Yotamu anali atatsetsereka pampando, mutu uli paphewa, manja ali lende. Sanachite mkonono ngakhale pang'ono. Anali m'tulo tozama ta munthu amene wabwezeredwa zake.

Msilikali anamugwedeza, osadzuka. Anamutsina, osadzuka. Nkhope ya Mfumu inayamba kusintha, ndipo a Mkhutakale, amene ankaona kale galimoto ya ku Kulibemawa ili ndi mpando wawo, anathamanga n'kugwada pambali pa Yotamu. Anaika khutu pachifuwa chimene chinkakwera n'kutsika poonekera, n'kudzuka atagwira tayi yawo.

"Mfumu yanga, sakugona. Munthu wosadya katulo sangagone. Mtima wake walephera kunyamula kukoma kwa mawu anu. Watisiya."

Atatero anayang'ana kwa Esinati, maso akupempha. Esinati anaona chifuwa cha mwamuna wake chikupuma, anaona khomo limene ndunayo yatsegula mwamantha, ndipo sanadikire kuti litsekeke. Anadziponya pansi n'kuyamba kukuwa, "Mayo ine! Amuna anga ine! AChadzunda mwandisiya ndi yani ine!" Anathamangira kunsanja, n'kuvula chitenje, n'kumufunda nacho thupi lonse mpaka kumutu kuti chifuwa chisaoneke. Amayi a pamsika, motsogozedwa ndi mayi Ndaziona, analandira maliro, ndipo mfuu wawo unali waukulu moti ngakhale lipenga silikanamveka. Msonkhano unathera pomwepo dzuwa lisanafike pamutu, chinthu chimene nkhalamba za mu Gwadani zinati sizinachionepo.

Mfumu inakhudzidwa kwambiri. Mafumu ena amatamandidwa ndi nyimbo, koma ndi angati amene mawu awo anaphapo munthu ndi kukoma? Inalamula maliro a boma. Bokosi linabwera la zogwirira zonyezimira, ndipo m'menemo munalowa thunthu la nthochi lovekedwa yunifolomu ya bandi, pamene mwini maliro anali kuchipinda chamkati akupitiriza tulo take.

Vuto linabuka kumanda. Adzukulu okumba atapatsidwa kabichi wowiritsa, anaika makasu pansi n'kukhala pamthunzi. Mkulu wawo anauza a Mkhutakale kuti chiyambire makolo, manda sakumbidwa ndi kabichi, ndipo ngati boma likufuna likumbe lokha. Ku Gwadani munthu akhoza kumanga mphunzitsi, m'busa, ngakhale woweruza, koma palibe amakangana ndi adzukulu, chifukwa aliyense amadziwa kuti tsiku lina adzagona m'manja mwawo. Choncho panatuluka lamulo lapadera lakuti chakudya cha pamaliro chisamayezedwe. Komiti Yowononga inatulutsa mbuzi, nyemba ndi matumba a mtedza mokakamizika, ndipo anthu anadya akulira, ena akulira zenizeni poona nyemba. Mfumu inayankhula pamanda mpaka madzulo, anthu okhuta n'kumagona atazyolika, wailesi n'kunena kuti chisoni chawaweramitsa.

Patapita masiku a Mkhutakale anabwera kudzapepesa maliro. Analowa osagogoda n'kumupeza malemu ali pamphasa akutafuna matemba. Anayang'anana.

"Pepani ndi zovutazi, mayi Nangozo," anatero a Mkhutakale akuyang'ana kudenga. "Anali munthu wabwino. Boma likuyembekeza kuti apitiriza kuusa mumtendere, makamaka masana, ndiponso kuti sayandikira zenera."

"Sayandikira, bwana," anayankha Esinati.

"Lipenga lija likaikidwa kunyumba yosungira mbiri. Akufa saimba."

Apa Yotamu anasiya kutafuna, ndipo ndunayo inatuluka. Dzina lake linali pa mwala kumanda, ndi pa msewu watsopano wopita kumsika umene iye sakanaupondanso. Anzake a m'bandi ankadutsa panja akuyeserera nyimbo, iye n'kumasuntha zala pabondo. Esinati ankavala zakuda popita kuntchito, anthu n'kumamupatsa moni wa amasiye, ndipo zinkamuwawa ndithu. Koma madzulo akabwera n'kupeza mwamuna wake wasesa m'nyumba, masaya atayamba kubwerera, akumutchula dzina lake, ankadziwa kuti sanalakwitse.

Tsiku lina Loweruka masana kunamveka odi kukhomo la kuseri. Anali mayi Ndaziona. Nthabwala zawo zija anali atazisiya kunyumba. Anakhala pansi, n'kusuzumira kuchipinda kumene kunkamveka munthu akupuma mwakachetechete, n'kukonza mpango wawo kangapo asanayambe.

"Anangozo, ine sindinabwere kudzafunsa zambiri. Chifuwa chija ndinachiona ndisanayambe kulira. Koma bambo a kwathu aja khosi lapsa lonse. Dzulo anandifunsa ngati ndili pabanja. Ndiye ndimati mundiuze, anzathuwa anamwalira bwanji? Ndikufuna anga amwalire chimodzimodzi, asanafe."

Esinati anadzuka, n'kutenga botolo limodzi lalikulu kuseri kwa mtsuko, n'kulikulunga m'chitenje cha mnzakeyo.

"Muzithira m'phala m'mawa ndi madzulo, muziti ndi ufa wa boma. Akayamba kukudziwani, akhazikeni kutsogolo kwenikweni pamsonkhano, pamthunzi. Mutu ukangogwa musadikire asilikali, afundeni chitenje, muyambe inuyo."

"Nanga misozi ikakana? Ine sindidziwa kulira zabodza."

"Ibwera yokha, mayi," anatero Esinati akuwatsegulira chitseko. "Ine sindinachite kuifunafuna."